Kamtanda ka pa makina a a Zuze

Linali Loweruka, dzuwa lili paliwombo, pamene amayi anandituma kukapereka chakudya kwa a Zuze, oyandikana nafe nyumba, amene ankagwira ntchito ku koreyo, ku positi ofesi ya ku Ulongwe. Masiku onse ankapita ndi mkulu wanga Malita, wophunzira ku Fonte Boa. Ine ndinali wa ku dimba la mbatata. Tsikulo iye anali ndi malungo.

M'chipinda chawo munkanunkha mafuta a makina ndi fodya wopichira, ndipo pakona panali makina otumizira mauthenga, amene ankagogoda okha ngati matalala pa malata, pepala likutuluka popanda woligwira. Pakati pa zilembo za pa mabatani a makinawo panali chithunzi cha kabelu, penanso kamtanda konenepa. Nditakaona ndinagwada n'kuchita chizindikiro cha mtanda, poganiza kuti n'kolengezera maliro.

A Zuze anaseka mpaka kutsokomola.

"Dzuka iwe, muno si m'tchalitchi! Kabeluko n'kodzutsa mnzanga wa ku Tete akamawodzera."

"Nanga kamtandako?"

"Ako ndinamuuza kale Malita. Sindiphunzitsa kawiri nyumba imodzi."

Mtima unandiwawa njira yonse. Munthu amene ndinkamutungira madzi ndi kumusesera pabwalo ndinali ine, koma makinawo anali a Malita. Kunyumba ndinamufunsa ali chigonere pamphasa.

"N'za anthu a sukulu zimenezo, Rozina," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Tinakula, tinakwatiwa, a Zuze anamwalira. Tikakangana pang'ono, Malita ankangoti, "Kamtanda kaja wakadziwa?" Ine osafunsanso, kuopa kumukondweretsa.

Malita tinamuika chaka chatha. Titasesa, mwana wake amene amakonza makomputadolo ku Tete anakhala nane pakhonde, ndipo ndinamusimbira za kamtandako.

"Aa, amayi aang'ono, kameneko n'kofunsa kuti 'Ndiwe yani?' Ukakadina, makina a kutsidya ankayankha okha dzina lawo, kuti uthenga usasochere. Funsolo linalowa ndi m'makomputadolo oyamba. Amayi anandiuza ndili mwana."

Choncho anamuuza mwana wosavala n'kabudula komwe, ine mng'ono wake ayi. Ndinalira, anthu n'kumati ndi chisoni.

Manda ake ali kuseri kwa munda wanga wa nyemba. Ndimapita kukazula udzu mwezi uliwonse, ndipo ndikamazula ndimamukalipira.