A Namaliya Ogonetsa Amayi a Chikuta

Ku Golomoti kumamveka kuti a Namaliya ali ndi mankhwala ogonetsa amayi a chikuta. Akuti amawabisa m'kabotolo pansi pa tomato amene amagulitsa, amadontheza m'madzi othowera, basi mkazi wongobereka kumene amagwa tulo ngati wapapira kachasu. Ena amakometsera, akuti amene wathowedwa ndi iwo amasanduka mlesi mpaka mwana atayamba sukulu. Olimbikira kunena zimenezi ndi azibambo, anthu oti sanaberekepo ngakhale mbewa.

Zoona zake n'zakuti pansi pa tomatoyo pali tomato mnzake, wofewa pang'ono, amene amamubisa kuti kasitomala asamuone. Botolo palibe.

A Namaliya ndi mayi wa zaka makumi anayi ndi mphambu zimene iwo safuna kutchula, wamfupi, wa mawu ofika kutali. Akaitana kasitomala pamsika, minibasi ya ku Salima imaima poyesa kuti yapeza wokwera. Ndiye taonani, munthu waphokoso chotere ndi amene amaphunzitsa anzake kukhala chete.

Anaziphunzira mowawa. Kwathu kuno timati mayi wobereka kumene sasiyidwa yekha, angaganize zambiri. Akangoti zii timati wadwala kapena wakwiya, ndiye timamuyankhulitsa, mosinthana ngati alonda. A Namaliya atabereka mwana wachitatu anayankhulitsidwa masabata atatu, mpaka tsiku lina anapezeka akulira pamjigo, chidebe chitasefukira kalekale, cholirira osachidziwa. Namwino wina wa kusikelo ndiye anawakhazika pabenchi kuseri, nawalanda mwana, nawauza kuti atseke maso azingopuma. Akuti atatsegula maso anamva ngati wina wawatula mtolo wa nkhuni. Kuyambira pamenepo, akamva kuti uje wabereka, amavundikira tomato ndi chiguduli n'kunyamuka.

Chaka chatha mu Okutobala, nthawi ija nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, Edna mkazi wa Goodson wakabaza anabereka mwana woyamba. Mchombo utagwa, alendo anayamba kukhamukira. Aliyense amadzutsa khandalo kuti aone mphuno ngati ili ya bambo ake, aliyense amasiya malangizo otsutsana ndi a mnzake, ndipo Edna amadzuka kuwalonjera onse. Sabata yachiwiri anasiya kudya. Mwana akalira, iye amatembenukira kukhoma n'kungoti, “Mutengeni.” Mkaka unayamba kuchepa m'mawere. Mayi ake, a Bertha, anaona kuti vuto ndi kuchepa kwa anthu, ndiye anaitana amayi a kumphakati wa kutchalitchi kuti adzamuimbire.

Goodson, yemwe anali mmodzi mwa ofalitsa nkhani ya kabotolo, anatulukira pamsika nanong'oneza kuti, “Amayi, kunyumba sikuli bwino. Musaiwale kaja.”

“Kati?”

“Aa, inunso. Kaja.”

“Palasa njinga, iwe,” anatero a Namaliya, nakhala pakaliya chammbali ngati mkwatibwi.

Pakhomo anawerenga masilipasi okwanira anthu khumi ndi mmodzi. Nyumba yamalata, masana, nyimbo ili pakati. Anaimirira pachitseko.

“Azimayi, mwaimba bwino, Mulungu wamva kale. Tsopano kamthunzi kali pamango paja.”

Anatuluka akung'ung'udza. A Namaliya anagwira Edna pamphumi, namufunsa za magazi ndi za m'mutu, chifukwa thupi likatentha kapena magazi akamapitirira iwo sachedwa, amati zimenezo n'zakuchipatala. Thupi linali bwino. Maso okha ndi amene anali ngati a munthu wochokera kumaliro. Ananyamula mwana namupatsa Goodson, amene anamulandira ngati thireyi ya mazira a eni.

A Bertha anakana kutuluka. “Amzanga, mwana wangayu mukufuna atsale yekha ndi maganizo? Akadzipweteka mudzayankha ndinu?”

A Namaliya sanaseke, pakuti funsolo linali lenileni. “Khalani apa pachitseko, muzimuona mapazi. Sali yekha. Koma mukangotsegula pakamwa, ndikukwezani njinga ya mkamwini wanu akakutuleni ku Mtakataka.”

Anamuthowa Edna ndi kansalu ndi madzi ofunda, msana ndi mapewa, kenako anamugoneka chammbali pamphasa, dzanja limodzi lili pamimba.

“Tseka maso. Koka mpweya ndi mphuno, pang'onopang'ono, mpaka dzanjalo likwere. Tsopano tulutsa ndi pakamwa, ngati ukuziziritsa phala la mwana. Usafulumire, palibe akukuthamangitsa.”

“Matewera sindinachape, amayi.”

“Ali ndi agogo ake. Pumanso.”

“Akamati ndine mlesi?”

“Anenapo kale, ndipo sunafe. Mvetsera, ukumva chiyani chakutali kwambiri?”

Edna anatchera khutu. “Chigayo.”

“Kupitirira chigayo?”

“Lole... pamsewu.”

“Eya. Maganizo ali ngati minibasi zapamsewupo. Kondakitala aitana, iwe sukwera, ipita. Ibwera ina, sukweranso. Iwe uli pano, ukupuma.”

Misozi inayamba kutsika cham'khutu. A Bertha anasuntha kuti ayankhule, koma a Namaliya anawaloza chala ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Mtsikana analira, kulirako kunasanduka kupuma, kupumako kunatalika, dzanja likukwera ndi kutsika lokha. Posakhalitsa kunamveka kamkonono.

Ntchito yeniyeni inali panja. Amayi khumi ndi mmodzi pansi pa mango sangakhale chete popanda chowapatsa, ndiye a Namaliya anawapatsa miseche yonse ya pamsika, monong'ona, kuti azisendera pafupi m'malo mokuwa. Anafotokoza za wogulitsa mpunga amene anakwatira kawiri sabata imodzi, ndi zina zimene sindingalembe. Mwana atalira anam'bereka kumbuyo okha nayendayenda naye kuseri kwa nkhokwe. A Bertha anakhala pachitseko maola awiri osatulutsa liwu, chinthu chimene malemu amuna awo anamwalira asanachionepo.

Mthunzi wa mango utafika kubafa, m'nyumba munamveka mawu.

“Amayi, mwana wanga ali kuti? Bweretsani ayamwe.”

A Bertha anayang'ana a Namaliya, ngati akupempha chilolezo chakuyankha. Chibadwire khandalo, kanali koyamba kuti Edna alipemphe yekha. Analiika kubere, nayang'ana timapazi take nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati kwatsala phala.

A Namaliya anabweranso masiku anayi otsatizana, tomato akupsa yekha pansi pa chiguduli. Anaika lamulo lakuti dzuwa likafika paliwombo alendo azithera pamango, ndipo anauza Goodson kuti tsiku la sikelo apite nawo, akauze namwino za kulira kuja, osabisa. Edna anazolowera kupuma kuja moti pano amachita yekha, ngakhale pamzere wa kuchigayo.

Tsiku lomaliza Goodson anawaperekeza, ndipo atafika pamsewu anachepetsa liwiro.

“Amayi, ine sindiuza munthu. Mlongo wanga ku Mua ali pafupi kuchira. Mungondigawirako pang'ono, ngakhale pachitsekerero.”

A Namaliya anatsika panjinga nakonza chitenje.

“Iwe Goodson, wandiona ndikudontheza kanthu? Mankhwala ndilibe. Mkazi wabereka, watopa. Inu mutseke pakamwa panu, munyamule mwana, mayiyo mumusiye agone. Kauze anzako pasiteji.”