Kukapempha Miyendo ku Zóbuè

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene amayi anabereka mapasa, Paulo ndi Paulina. Tinkakhala ku 25 de Setembro, ku Moatize, m'nyengo ija migodi ya malasha inali itangodzukanso, tauni yathu itadzaza alendo a nsapato zolemera ndi magalimoto oyera a timbendera. Ababa anali atapeza ntchito yoyendetsa chimakina kumgodi. Ine, Filomena, mwana woyamba, ntchito yanga inali kuchapa matewera ndi kubereka mwana aliyense amene wayamba kulira. Anthu ankati pakamwa panga palibe chitseko, ndipo sindikuwatsutsa.

Paulo anali chimwana chadyera, chonenepa tsiku ndi tsiku. Paulina sankakula. Akayamwa pang'ono ankatuluka thukuta, n'kumapuma mwabefu, milomo itachita bii. Adokotala a ku Tete anati mtima wake uli ndi kabowo, ndipo opaleshoni yake ingachitike ku Joni basi. Mwamwayi kampani ya ababa inkalipirira chipatala mabanja a antchito ake, choncho inavomera kutumiza amayi ndi mwana wodwalayo pa ndege. Chipatala cha ku Joni chinatipatsa tsiku, n'kutichenjeza kuti tikaliphonya tidzadikira miyezi, ndipo tonse tinkaona ndi maso kuti Paulina sangadikire.

Za Paulo palibe anada nazo nkhawa. Kwathu kuno mwana wa pamiyendo si nkhani. Mu shapa, minibasi zathu zija, mayi amakwera ndi wina kumsana, wina pamiyendo, wina pakati pa mawondo, n'kulipira mpando umodzi. Ine ndemwe ndinakwera ulele mpaka mawondo anga atayamba kugunda mpando wakutsogolo, amayi akulumbirira kobradori, wotolera ndalama uja, kuti ndangotalika chabe koma ndine wakhanda. Choncho amayi ankati ndege ndi shapa ya m'mwamba: Paulina kutsogolo, Paulo kumbuyo, ulendo wayambika.

Ku ofesi yogulitsa matikiti ku Tete ndinapita nawo ine, chifukwa Chipwitikizi cha amayi chinkathera pa moni. Tinapeza mayi wa zikhadabo zofiira, m'chipinda chozizira mpaka mapasa anayetsemula. Iye ankalankhula, ine n'kumamasulira. Anati khanda lililonse likhale ndi pasipoti yakeyake, kalata yodinda ya bambo ake yololeza kutuluka m'dziko, komanso tikiti yake.

"Bilyete? Mwana wa kubere?" anadabwa amayi. "Akhala pampando wa yani?"

Mayiyo anafotokoza kuti khanda la pamiyendo limalipira kagawo kochepa chabe ka mtengo wa wamkulu, koma dzina lake liyenera kulembedwa. Zimenezo tinameza. Kenako anayang'ana mapasawo, wina uku wina uku, n'kufunsa funso limene linatisowetsa tulo.

"Koma senyora, wamkulu mmodzi, khanda limodzi. Wachiwiriyu anyamula ndani?"

Amayi anaseka n'kuloza kumsana kwawo. Mayiyo anapukusa mutu. Anati m'ndege sabereka mwana kumbuyo, munthu amakhala pampando atamanga lamba, ndipo ndege ikagwedezeka manja awiri sangagwire makanda awiri. Apo sindinadikire kumasulira, ndinangoyankha ndekha kuti Paulo ndimunyamula ine, popeza ndakhala ndikumunyamula chibadwire.

"Menina, lamulo likufuna munthu wamkulu, osati mwana wonyamula mwana mnzake."

Ndinapsa mtima mpaka makutu anatentha. Ndinamuuza kuti ine ndimabereka Paulo ndili ndi ndowa yamadzi pamutu, iyeyo ndi zikhadabo zakezo sangamusinthe ngakhale thewera. Amayi sanamve mawuwo, koma anamva kamvekedwe kake, ndipo ananditsina pantchafu. Mayi uja sanakwiye. Anati mwina tingapemphe mlendo wina wa m'ndege momwemo kuti alembedwe ngati wonyamula, kapena tisiye Paulo kunyumba.

Njira zonse ziwirizo kwa amayi zinali zotsekeka. Chifukwa cha matenda a Paulina, mapasawo anali asanawachitire mwambo wolowetsa mwana kumphasa, ndipo mwana wotero sagwiridwa ndi munthu wamba wosadziwika kumene wagona, kuopa tsempho. Kusiya Paulo ndiye sanafune n'kumva komwe. Mwanayo anali asanalawepo china koma bere, ndiponso kwathu mapasa salekanitsidwa; amati wotsalayo amafooka, wopitayo n'kumutsatira. Ababa anachonderera kuti Paulo atsale ndi aneba azimwa mkaka wa m'chitini.

"Anabwera limodzi, ayenda limodzi," anatero amayi. "Ngati sapita onse, sapita aliyense."

Zinafika pa mwana wakana phala. Ababa kuntchito anawakaniza tchuthi, ndipo kusiya ntchito kunali kutaya chithandizo chonse cha chipatala. Abale ndi aneba amene amayi akanawakhulupirira analibe pasipoti, analibenso ndalama ya tikiti ya munthu wamkulu. Masiku ankatha, mapasipoti a ana anatuluka, kalata inadindidwa, koma miyendo yachiwiri inalibe mwini. Madzulo ena ababa ananena chapansipansi kuti, "Rozalina ali nayo pasipoti." Amayi anaika mbale pansi mwamphamvu n'kunena kuti dzina limenelo lisatchulidwe m'nyumba mwawo.

Azakhali a Rozalina anali mlongo wa ababa. Ankagulitsa mbatata ya kachewere ku Zóbuè, kumalire ndi Malawi, ndipo nthawi zina ankapita ku Joni pa basi kukaoda zovala. Anakwatiwapo kale koma sanabereke, banja n'kutha, ndipo ankakhala okha. Chikhalire sindinawaonepo akuponda pakhomo pathu. Ababa akanditenga kukawaona, azakhaliwo ankandipatsa mbatata ndi nsalu, koma osandigwira ngakhale paphewa. Ababa anayesa kuwaimbira foni mobisa, koma azakhali atangomva dzina la amayi anadula.

Ine ndinatopa ndi akuluakulu. Ndinkaona Paulina akumira m'thewera lake, iwo ali kalikiliki kusunga mkwiyo umene sindinkadziwa n'komwe kumene unachokera. Loweruka m'mamawa ndinatenga tindalama timene ndinkasungira nsapato, ndinauza mwana wa aneba kuti akanene kwathu shapa ikanyamuka, ndipo ndinakwera ya ku Zóbuè. Tisanapite patali mayi wina anakwera ndi ana atatu ndi nkhuku, ndipo kobradori ananyamula mwana mmodzi n'kumukhazika pamiyendo panga osandifunsa ndi zaka zomwe. Ndinaseka ndekha mowawidwa mtima. Msewu unayamba kukwera, milambe ndi kutentha kwa Moatize zinatsalira kumbuyo, kamphepo kozizira n'kumalowa pawindo.

Ku Zóbuè ndinadutsa mzere wa malole odikira malire, anyamata osintha ndalama akugwedeza mitolo ya makwacha ndi metikali, fungo la tchipisi cha pachiwaya lili ponseponse. Azakhali ndinawapeza atakhala pakampando kafupi pakati pa zidebe za mbatata, atafunda nsalu m'mapewa. Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kukhuthula zonse mosapumira. Anamvetsera osandiyang'ana, akuchotsa dothi pambatata ndi chala chachikulu.

"Akutuma mai ako?"

"Ayi, titiya. Ndadzituma ndekha."

"Ndiye bwerera. Miyendo yanga siidziwa mwana. Mai ako ananena okha."

Kenako anandiuza nkhani imene kunyumba ankandibisira. Pamaliro a agogo aamuna, ku Bagamoyo, dera lina la Moatize, anthu asanasamutsidwe chifukwa cha migodi, azakhali ananyamula khanda limene linkalira n'kuliika pamiyendo kuti alitonthoze. Amayi, atatopa ndi maliro ndi kusowa tulo, anabwera n'kulikwatula pamaso pa anthu onse, akuti, "Bweretsani, manja osabala sadziwa kutonthoza." Azakhali anati kuyambira tsiku limenelo sanakhazikepo mwana wa munthu pamiyendo pawo.

"Ndipo khanda limene anandilandalo ndiwe," anamaliza motero.

Ndinachita manyazi, ndinawamvera chisoni, koma mkwiyo wanga sunathe. Paulina anali asanabadwe pamene zonsezo zinkachitika, nanga afe chifukwa cha mawu a pamaliro? Kupepesa m'malo mwa amayi sindikanatha, ndipo mawu okoma ine sindinabadwe nawo. Ndinangodzuka pomwe ndinagwada, ndinatembenuka, n'kudzikhazika pamiyendo pa azakhali, chimtsikana chamiyendo yaitali, pakati pa msika.

"Ine sanandifunse," ndinatero. "Ndabwerera. Pitirizani pomwe munalekezera."

Kampando kanalira. Azimayi a mabenchi oyandikana anafa nalo phwete, wina n'kukuwa kuti, "Mana Rozalina, mwabereka liti chimwana chimenechi?" Azakhali anayamba kundikankha akuti, "Epa, choka iwe, undithyola!" Ine ndinakakamira. Posakhalitsa kukankha kuja kunaleka, manja awo anandizungulira m'mimba, ndipo ndinamva chipumi chawo chitatsamira pamsana panga. Malaya anga ananyowa, nanenso ndinalira, azimayi aja kuseka n'kusiya.

Azakhali atapukuta m'maso anaitana a Sulemani, Msilamu wina amene ankagula mbatata yambiri n'kumatumiza ku Tete, ndipo anawagulitsa matumba onse amene ankasungira nyengo ya mtengo wabwino. Ndiyo inali tikiti yawo. Koma anandiuza kuti pali chinthu chimodzi chimene sasintha: mwanayo sadzamutola okha, amayi adzamuike pamiyendo pawo ndi manja awo.

Tinafika ku Moatize dzuwa likupendeka. Amayi anali pakhomo ndi kamtengo m'manja, maso ali psuu, ndipo ndikudziwa kuti kamtengoko kanali kanga. Ataona amene anali kumbuyo kwanga, kanagwa kokha. Azakhali sanalowe m'nyumba. Anakhala pamphasa pakhonde, anatambasula miyendo, anasalaza nsalu yawo, n'kumadikira. Ababa anaima pachitseko. Ine ndinkaopa kuti zikanika, chifukwa ndinkawadziwa amayi anga kuuma khosi kwawo.

Amayi analowa m'nyumba. Anakhalitsa ndithu. Kenako anatuluka ndi Paulo, anagwada, n'kumuika pamiyendo paja.

"Mulamu, ndi wolemera uyu. Mugwirizize mutu."

"Ndikudziwa," anayankha azakhali.

Paulo, amene sankasamala za mbiri ya banja, anawagwira mkanda wa m'khosi n'kuyamba kuuyamwa. Ine ndinathamangira kuseri kwa nyumba n'kukavina ndekha m'fumbi, ndipo tsiku limenelo palibe anandimenya.

Tinawaperekeza ku bwalo la ndege la Chingodzi. Mayi wa pakauntala anawerenga makanda awiri ndi akuluakulu awiri, n'kudinda osafunsa china. Ndinaima pawaya ndi ababa mpaka ndege inasanduka kadontho, ndikudzimva ngati ndine ndaikankha kuti inyamuke. Azakhali anadzatisimbira pambuyo pake kuti m'ndegemo sanawalole kukhala mbali imodzi, poti mzere uliwonse uli ndi chopumira chapadera cha khanda limodzi lokha. Anakhala wina uku wina uko, kanjira pakati, n'kumapatsirana ana nthawi yoyamwitsa, azungu a kumigodi akungowayang'ana. Ku Joni, amayi akamagona m'chipatala pambali pa Paulina, azakhali ndiwo ankayenda ndi Paulo kumsana, kupita naye kukayamwa n'kubwerera naye kumalo ogona.

Uthenga woti opaleshoni yayenda bwino tinaumva pafoni, koma ine sindinkakhulupirira za pafoni. Tsiku lobwerera ndinali pawaya pomwe paja. Anthu anatsika, ndipo ndinaona amayi akubwera atanyamula Paulo yekha. Ndinayang'ana kumbuyo kwawo, kunali amuna a zikwama okhaokha. Pamapeto penipeni ndi pomwe anatulukira azakhali, akutsika masitepe pang'onopang'ono, akukalipira mnyamata wa ndege kuti asawafulumizitse. Pachifuwa pawo panali Paulina, masaya atatuluka, milomo ili yofiira ngati ya mwana wina aliyense. Ndinakuwa mpaka mlonda anandiyang'ana, koma sindinaleke.

Paulina lero ndi mtsikana wamkulu wa sekondale, wothamanga kuposa Paulo, ndipo tchuthi chilichonse amakathera ku Zóbuè. Kwa zaka zambiri chinthu chimodzi chinkandinyansabe: amayi sanapepese. Sindinawamvepo akunena mawuwo kwa azakhali, ndipo ndinkati ndi kuuma mtima chabe. Ndinadzamvetsa nditabereka wanga, tsiku limene anatentha thupi ine n'kukana kumupereka ngakhale kwa bambo ake. Popita, amayi anapatsa azakhali mwana wathanzi, chifukwa lamulo la ndege linawakakamiza. Pobwera palibe lamulo linawauza kuti apereke uti. Anasankha okha, ndipo anapereka wa chilonda pachifuwa.