Nsungwi zimene ndinadzala zinabaya diso la mwana wanga

Ndine bambo wa mwana mmodzi, ndimakhala ku Coventry, ndipo chilema chimene mwana wanga Tamanda ali nacho pa diso lakumanzere ndinachidzala ndekha ndi manja angawa. Ndikudziwa kuti Amalawi anzanga kuno ku Mangalande mukapeza kabwalo kuseri kwa nyumba mumalakalaka kudzalapo kanthu kokukumbutsani kumudzi. Inu owerenga, ngati kanthu kameneko ndi nsungwi, yambani mwamva zanga.

Kwathu ndi ku Dedza. Malemu bambo anga ankaluka malichero ndi madengu, choncho ine ndinakulira m'nsungwi. Kusankha yokhwima, kuidula, kuing'amba, zonsezo zinali madzi akumwa. Ndinkadziwanso chinthu china chimene sindinkachikayikira ngakhale pang'ono, chakuti nsungwi sichoka pa phata lake. Mukaidzala pangodya ya munda, adzukulu anu adzaipeza pomwepo, phata litangokula.

Mkazi wanga ndi nesi pa chipatala chachikulu cha kuno, ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu. Titalowa m'nyumba yathu tinapeza mpanda wamatabwa waufupi, moti ukayanika zovala anthu onse amawerenga zigamba zako. Ndinati apa pakufunika nsungwi. Kusitolo ya mbewu ndinaona mtundu wopirira chisanu umene umakula mowunjikana pamalo amodzi, koma timitengo take tinali toonda ngati bango lanthete. Ndinanyoza n'kutuluka. Mnzanga wa ku Zambia ndiye anandiuza za bambo wina wa ku Wolverhampton amene ankagawa nsungwi zaulere, zonenepa, zazitali, zofanana ndi za kwathu. Bamboyo anandikumbira yekha, anandinyamuliranso mpaka m'galimoto akumwetulira. Sindinadzifunse chimene chinkamukondweretsa chotero.

Mkazi wanga anandifunsa ngati ndafufuza kuti ndi mtundu wanji. Ndinamuyankha kuti iye adziwe za majakisoni, za nsungwi andisiyire ine mwana wa mmisiri. Paja safunsa anadya phula.

Chisanu chinabwera, chipale chofewa chinagwa, nsungwi zanga zili biriwiri. Anzathu a kutchalitchi akabwera kudzacheza ndinkayamba ndawatengera kuseri asanakhale pansi, kuti aone Dedza ali pakati pa Coventry.

Tinayandikana ndi mayi wina wachizungu wokalamba, wamasiye, amene tinkawatcha Agogo Joan. Ndiwo ankatisungira Tamanda akaweruka kusukulu tonse tili kuntchito, ndipo ine ndinkawatchetchera kapinga. Tsiku lina, patapita zaka zingapo, ndikutchetcha kuseri kwa kanyumba kawo ka zipangizo ndinapeza nsungwi zitamera, zina zofika kale m'chiuno, kutali ndithu ndi pamene ndinadzala. Nditafufuza pa foni ndinadziwa kuti nsungwi zili m'magulu awiri. Zina zimakhala pa phata monga za kwathu, zina mizu yake imathamanga pansi pa nthaka, kudutsa mpanda, n'kukatulukira kwa aneba. Ndinawerenganso kuti anthu amatengerana kukhoti pa nkhani yomweyi. Apo mapepala athu okhalira m'dziko muno anali asanakhazikike, ndipo mawu akuti khoti okhawo anandiopsa.

Mantha ndiwo anandipusitsa. Sindinauze Agogo Joan, sindinauze mkazi wanga. Ndinatenga kachikwanje kanga ka m'dimba n'kudula nsungwizo monga tidulira kwathu, kamodzi kokha, mopendeketsa, pafupi ndi nthaka. Zikamera zina ndinkateronso. Potchetcha ndinkasiya udzu wa pamenepo wautaliko pang'ono kuti zitsa zisaoneke. Inu amene munaonapo chitsa cha nsungwi chodulidwa mopendeketsa chikauma, mukudziwa kuti ndi chisonga. Ine ndinatchera zisonga m'bwalo losewerera mwana wanga, n'kuzifunditsa udzu.

Linali Loweruka masana, mkazi wanga ali pa shifiti. Tamanda, amene apo n'kuti ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ankathamangitsana ndi kagalu ka Agogo Joan m'bwalo mwawo. Ndinamva kukuwa kamodzi, kenako zii. Kukhala chete kumeneko ndi kumene sindidzakuiwala. Mpanda uja sindikudziwa kuti ndinaulumpha bwanji. Ndinapeza mwana ali chafufumimba kuseri kwa kanyumba kaja, ndipo nditamutembenuza nkhope yonse inali magazi, kachidutswa ka nsungwi katathyokera pansi pa chikope. Agogo Joan ankayimbira ambulansi. Mwana anandigwira malaya n'kunena m'Chingerezi chake chija, "Daddy, it's dark on this side." Ankatanthauza kuti mbali imeneyo akungoona mdima.

Kuchipatala mkazi wanga anatsika kuchokera ku wodi yake ali mu yunifolomu. Madokotala anati atitumiza kwa akatswiri a maso ku Birmingham, ndipo palibe amene analonjeza kuti disolo lipulumuka. A ambulansi anali atazula chitsa chija kuti madokotala aone chimene chamubaya. Mkazi wanga anachitenga, anachitembenuza, anayang'ana podulidwa paja nthawi yaitali.

"Bambo a Tamanda, kadulidwe aka ndi ka dzanja la kwathu," anatero motsitsa mawu. "Mzungu sadula chonchi. Ndiuzeni."

Ndinamuuza zonse titafika ku Birmingham, tili pa benchi, mwana ali ku opaleshoni. Sanandikalipire. Anangosuntha n'kukhala kumapeto kwa benchi. Chitseko cha ku opaleshoni chikatseguka ndinkaimirira, ndikuganiza kuti abwera kudzatiuza kuti diso alichotsa. Ndinapemphera kuti Mulungu atenge maso anga onse awiri, koma zinthu siziyenda choncho.

Diso sanalichotse, koma limangoona zithunzithunzi, ndipo atiuza kuti tisayembekezere zambiri. Titabwerera kunyumba tinapeza Agogo Joan asakudya, akudziimba mlandu kuti sanayang'anire bwino mwana. Ndinapita kukagwada pakhomo pawo n'kuulula. Khoti limene ndinkaliopa sanalitchule n'komwe. Anangoti ndikanawauza tsiku loyamba, tikanaitana odziwa ntchitoyo adzakumbe, nkhani n'kuthera pomwepo.

Odziwawo anabwera mochedwa choncho. Anazula mpanda, anatukula miyala ya panjira, natulutsa mizu yolimba ngati zingwe za magetsi, yoyenda uku ndi uku pansi pa mabwalo onse awiri. Anandichenjeza kuti kachidutswa kakang'ono kakatsalira kamaphukanso.

Inu owerenga, kupirira chisanu kokha si chifukwa chokwanira chosankhira nsungwi. Funsani ngati ili yokhala pa phata kapena yothamanga, ndipo dzina lake lilembedwe pa mphika umene mwaigulira. Mitundu yoonda ija ndinainyoza, monga wotchedwa Fargesia, ndiyo imapirira chisanu cha kuno popanda kupita kwa aneba. Munthu akamakupatsani nsungwi yaulere akusekerera, mufunseni chimene akuichotsera. Ikatulukira poti simunadzale, uzani mwini malo tsiku lomwelo, ikumbidwe ndi mizu yomwe, ndipo musasiye chitsa. Nzeru za kwathu ndi zabwino, koma si mbewu iliyonse yofanana ndi ya kwathu imene ili ndi khalidwe la kwathu.

Chaka chilichonse chisanu chikamatha ndimakwawa ndi maondo m'bwalo la Agogo Joan, ndikupapasa udzu ndi zikhatho kufunafuna mphukira. Tamanda salowanso m'bwalomo. Amaima pakhomo n'kumandiyang'ana, atatembenuza mutu pang'ono kuti andione ndi diso lakumanja.