Khasu la a Ennie

Tchalitchi cha ku Tembwe chinalibe belu. Panali khasu lakutha, lopanda mpini, lomangidwa pamtengo wa msikizi, ndipo Lamulungu lililonse amene ankaliimba anali a Ennie. Anali mayi wamasiye, opanda mwana, osadziwa kuwerenga. Ankasesa ndi kuzira m'tchalitchimo, ndipo panyimbo ankakweza kuposa aliyense ngakhale mawu awo anali osasa.

Mu 1955, chimanga chitangouma m'minda, nthomba inalowa m'mudzi n'kugwira Damaris, mwana wa zaka zinayi wa Tryness. Mwambo wake aliyense ankaudziwa: wodwala nthomba amakakhala kumsasa kutsidya kwa mtsinje, ndipo womudwazika sabwerako mpaka nkhanambo zitayoyoka, msasa n'kuwotchedwa. Chakudya amangowasiyira pachitsa m'mbali mwa madzi.

Tryness anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, mwamuna wake ali kumigodi. Azimayi anamuletsa kuwoloka. "Ukapitako tiika maliro atatu," anamuuza. Tryness anakagwada kwa a Doris, amene nkhope yawo inali ndi zipsera za nthomba yakale, poti nthendayi sigwira munthu kawiri. A Doris anayang'ana pansi.

"Manje chimanga changa akolole ndani? Njovu?"

Pobwerera kunyumba, Tryness anapeza a Ennie atabereka kale Damaris kumbuyo.

"Amama, inu simunadwalepo nthomba," anatero Tryness.

"Ndikudziwa, mwana wanga. Koma Ambuye Yesu sanatisiyire chakudya pachitsa n'kuthawa. Anawoloka, analowa mumsasa mwathu momwemo." Anamuonetsa khasu lija, atalimasula pamtengo. "M'mawa uliwonse ndiziliimba katatu. Ukamva, udziwe kuti ali moyo. Ndipo uzidya, usamangoima pamtsinje ngati kakowa."

Koma Tryness ankaimabe. Kukacha ankasiya phala pachitsa, n'kubwerera m'mbuyo, n'kutchera khutu. Khasu likalira katatu m'pamene ankapuma bwino. Linalira choncho masiku khumi ndi asanu ndi anayi.

Tsiku lotsatira silinalire. Dzuwa linakwera, phala linazizira pachitsa, azimayi anayamba kufika mmodzimmodzi n'kukhala pansi mmene amakhalira pamaliro. Tryness sanakhale. Maso ake anali pa msasa, manja atagwira mimba.

Kenako khasu linalira, koma osati katatu. Linangoti ngwe, ngwengwe, ngwe, mopanda dongosolo. Azimayi anayang'anana. Tryness yekha ndiye anadziwa dzanja limenelo, poti ndi mmene Damaris ankamenyera mbale zake kunyumba mpaka kumukalipira.

"Ndi mwana wanga uyo, waima yekha," anatero. Kenako mawu anatsika. "Ndiye kuti a Ennie agona, nthomba yawagwira."

A Doris anali pomwepo, dengu lokololera lili pamutu. Analitula, anakwinya nsalu m'chiuno n'kulowa m'madzi.

"Nanga chimanga?" wina anawafunsa.

"Njovu zidye."

Njovu sizinadye, azimayi a mpingo anakolola munda wonsewo akuimba. Tryness anachira mwana wamkazi. Patapita milungu inayi, utsi unakwera kutsidya, msasa ukupsa, ndipo anthu atatu anawoloka. Damaris anali patsogolo, akuthamanga. A Ennie anali pambuyo atatsamira a Doris, nkhope itadzaza mabowo, diso lakumanzere litafa. Nthungululu inamveka mpaka kuminda.

Tryness anagwada n'kuika khandalo m'manja mwawo. "Amama, dzina lake ndi Ennie."

A Ennie analipenyetsetsa ndi diso lotsalalo, n'kuseka. "Dzina lokha atenge. Nkhope ayi."

Anakhala zaka zina zambiri akusesa m'tchalitchi, nyimbo akukwezabe. Khasu analibwezera pamsikizi paja. Kuyambira chaka chimenecho ankaliimba katatu kokha, ndipo Tryness, ngakhale ana ake onse ali pomwepo pakhonde, ankasiya chimene akuchita n'kuwerenga mpaka kachitatu.