Gawo lachitatu la agogo a ku Dudley

Kwathu wodwala akalakalaka chinthu, kaya mbewa kaya mango nyengo yake isanakwane, achibale timamanga chitenje m'chiuno n'kukachifuna. Munthu sapita ndi chilakolako pakhosi. Mwambo umenewu ndinabwera nawo kuno ku Dudley, ku Mangalande, kumene ndinkasamalira okalamba ku care home ina.

M'chipinda chakumapeto munali agogo aamuna achizungu, okalamba zedi. Pansi pa bedi ankasunga magazini akalekale, mapepala ofiirira, onunkha nkhungu, pachikuto pali zombo zopita ku nyenyezi ndi zilombo za maso a nkhanu. Nditawaona ndinati, "Iii agogo, zausatana izi!" Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ali mwana magaziniwa ankachokera ku America, atawaunjika pansi m'sitima zapamadzi kuti zilemere, ndipo kuno ankagulitsidwa chisawawa. Ukapeza ya Malichi, ya Epulo iwalako.

Nkhani ina, ya munthu amene chombo chake chinasochera kuseri kwa dzuwa, inali ya magawo atatu. Iwo anawerenga awiri, nkhondo n'kubuka, magazini n'kusiya kubwera.

"Mpaka lero sindidziwa ngati anabwerera kwawo," anatero.

Zinandilasa mtima. Madokotala anali atanena kale kuti masiku awo atsala pang'ono. Ndinati ayi, pali ine sizitheka, gawo lachitatulo ndikalifuna.

Mnzanga wa ku Chipata, amene tinkagwira naye shifiti, anati, "Asisi, mwapenga? Off yanu yonse ithere m'mabasi chifukwa cha mapepala owola?" Ndinamuyankha kuti miyendo ndi yanga. Ndinafufuza m'mashopu a zakale ku Wolverhampton, ku Nuneaton, m'misika ya Lamlungu imene anthu amagulitsira zakale m'mabuti a galimoto zawo, mvula ikundikwapula. Pa foni nako ndinasaka, koma ng'oo. Ndinkabwera ndikutukwana chamumtima, agogo nawo akungofooka.

Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wogulitsa mabuku akale ku Birmingham. Anayang'ana chithunzi cha chikuto pa foni yanga n'kunena kuti magaziniyo inagulidwa ndi kampani ina chaka chomwecho, n'kusintha dzina. Nthawi yonseyi ndinkafunsa dzina lakufa! Anaimbira anzake, ndipo sabata yotsatira ndinainyamula m'chikwama ngati dzira.

Ndinapeza agogo maso atasiya kuona bwino, ndiye ndinawawerengera ndine, Chingelezi chakalecho chikundipunthwitsa lilime. Anandigwira dzanja osalisiya. Munthu wa m'chombo anabwereradi, koma anapeza onse omudziwa atamwalira kalekale. Ndinamva chisoni, ndinayesa kudumpha ndime yotsiriza.

"Werenga zonse, mwana wanga," anatero.

Ndinawerenga mpaka mawu omaliza. Agogo anapumira m'mwamba.

"Chabwino. Bola anafika. Tsopano undipatse tiyi."