Tsamba Limene Ndinafufuta pa Sidi

Ndikukumbukira Lachitatu lina la teremu yachiwiri, ndili Fomu 3 pasukulu yogonera konko kufupi ndi Phwezi. Ndinali m'chipinda cha makompyuta, ndikutayipa za mumtima mwanga. Kulemba m'kope ndinali nditasiya, chifukwa ku hositelo manja anali ambiri. Zonse ndinkasunga pa sidi imene malume anandipatsa. Madamu Nyagondwe, mphunzitsi wathu wa kompyuta, anaikonza kuti ndizingokokerapo fayilo ndi kuchotsa ndikafuna, monga timachitira m'kompyuta momwemo.

Tsikulo Wezi, mnzanga wa bedi lapamwamba, anandigwira paphewa.

"Iwe, mawa undibwereke sidi yakoyo ndiikemo manotsi a jogalafe. Kapena mwabisala chibwenzi m'menemo?"

Ndinaseka mongodzikakamiza. Mlungu wapitawo ndinali nditalembamo tsamba lathunthu kuti Wezi ndi wakuba, ndiye anatenga usipa umene amayi ananditumizira kuchokera ku Chitimba. Patapita masiku awiri ndinapeza jumbo la usipawo kuseri kwa sutikesi, makoswe atalibowola.

Wezi atatuluka ndinafufuta fayiloyo. Dzina la fayiloyo linachoka, koma malo otsala pa sidi sanawonjezeke ngakhale pang'ono. Ndinaitulutsa n'kuipendeketsa pawindo. Mkombero wotuwa umene unkakula ndikalemba unali pomwepo. Nanga mawu anga apita kuti? Ndipo Wezi akufuniranji sidi yanga, osati ya ena? Mwina wamva kanthu.

Ndinaima nthawi yaitali pafupi ndi tebulo la Madamu, ndikupotokola lamba wa yunifomu.

"Madamu, chinthu ukachifufuta pa sidi, chimachokadi?"

"Yayi, mwana wanga. Yakoyi ndi yolemba kamodzi. Kompyuta imangobisa dzina, koma chimene chawotchedwa, ndiye kuti chalembedwa pa sidipo, chimakhala. Wodziwa akhoza kuchivundukula." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Walembamo chiyani?"

"Palibe. Yewo, Madamu."

Lero ndimadziseka. Wezi ankatayipa ndi chala chimodzi, sakanavundukula kanthu. Chimene chinkandiopsa sanali iye. Ndinali nditamunamizira mnzanga, kenako n'kumukayikiranso kachiwiri, ndipo ndinkafuna kompyuta indichotsere zonsezo popanda ine kutsegula pakamwa.

Tisanapite ku chakudya chamadzulo ndinatulutsa kope lakale lija pansi pa matiresi, ndipo ndinalemba mizere iwiri: "Mawa ndimuuza Wezi za usipa, ndimupepese. Ndikatero ndimupatsa sidi."