Mphasa ya Lorenso Pakati pa Mipando

Lorenso anali mmisiri wa matabwa ku Chiromo, m'zaka zomwe sitima zinkayendabe pamtsinje wa Shire. Kasitolo ka bwana wake kanali kakang'ono ngati khola la nkhunda, mipando itaunjikana mpaka kudenga. Anthu ankangosuzumira n'kumapita.

Tsiku lina Lorenso anatulutsa mipando yonse, n'kusiya umodzi ndi katebulo, n'kuyala mphasa yatsopano pambali pake.

"Timagulitsa mphasa ife?" anakalipa bwanayo.

"Ayi, bwana. Koma amuna ambiri kuno ndi akamwini. Nyumba ndi ya mayi."

Amayi anayamba kulowa, kukhala pamphasapo, n'kuona okha kuti mpando ungakwane m'nyumba zawo popanda kulanda malo awo. Mpando umene mkazi anauvomereza atakhala pansi, mwamuna wake ankangougula n'kuusenza.